Mwezi umationetsa nkhope imodzimodzi, nde kuti suzungulira?

Mayi_wa_ku_Chilomoni

Moni nonse muno. Abale ndithandizeni ndisanachite manyazi kachiwiri pamaso pa mwana wanga. Dzana magetsi atathima kuno ku Chilomoni tinayala mkeka panja nkudyera pabwalo pomwepo poti mwezi unali mbee, phiri la Michiru kumaoneka lonse ngati masana. Nde kamwana kanga ka sitandade 6 kaja kayang'ana kumwamba nkuyamba, amayi aphunzitsi anati dziko limazungulira ngati nguli, nanga mwezi? Ine osaganiza nkomwe ndati eya nawonso umazungulira. Iko nkuti nanga ngati umazungulira bwanji kalulu uja amangokhala pompaja mwezi ndi mwezi, bwanji sunatilozetseko nkhongo olo tsiku limodzi? Ndinangoti idya nsima ikuzizira kkkk koma kunena zoona kanandipanikiza.

Chifukwa ndikaganiza bwino, ine ndinakulira kwa agogo ku Chiradzulu ndipo chithunzi chomwe tinkachiona pa mwezi tikuvina chitelera nthawi imeneyo ndi chomwechi ndikuchiona lero ndili ndi ana atatu. Ife tinkati ndi mzimayi wabereka mwana wasenza nkhuni, ena amati kalulu, zilibe kanthu, koma sichinasinthepo.

Funso lachiwiri ndi langa osati la mwana. Mwezi ukakhala kachidutswa ngati chikhadabo kapena ukakhala theka, gawo linalo limakhala labisika ndi chani? Ine moyo wanga wonse ndimadziwa kuti ndi mthunzi wa dziko. Komanso bambo a kunyumba akuti kuseri kwa mweziko ndi mdima wokhawokha dzuwa silinafikeko chilengedwere, ati anamva pa wailesi. Amene munkamvetsera m'kalasi tiuzeni koma chonde m'Chichewa chomveka choti ndikathe kumubwerezera mwana.

Bwande_Ndix

Mwanayo ndi dolo mayi, wakupezani. Mwezi suzungulira ayi unangoima chilili ngati kalendala yapakhoma nchifukwa chake timaona mbali imodzi. Za mthunzi wa dzikozo nanenso ndimadziwa choncho. Nkhani yatha, mugulireni Fanta mwanayo.

Mphunzitsi_Wopuma_Zingwangwa

Achimwene a ku Ndirande, Fantayo mwana amwe ndithu koma nkhani sinathe, mwaphonya ziwiri zonse. Ine ndaphunzitsa jogalafe mpaka kupuma ndipo funso ili linkabwera chaka ndi chaka. Vuto limayambira pa mawu athu omwewa, timati kuzungulira pa zinthu ziwiri zosiyana. Pali kuzungulira chinthu china monga mbuzi yomangidwa pa chikhomo, ndiye pali kutembenuka wekha ngati nguli. Mwezi umachita zonse ziwiri pakamodzi ndipo ziwirizi zimatenga nthawi yofanana ndendende, masiku 27 ndi maola pafupifupi 8. Pomwe ukumaliza ulendo umodzi wozungulira dziko umakhalanso wangomaliza kutembenuka kamodzi.

Tiyeni tipite pa raundabauti ya pa Chichiri. Inu mayi imani pakati pa kachilumba kaja, inuyo ndiye dziko. Minibasi ilowe nkumangozungulira osatuluka. Muziona mbali iti? Ya dalaivala yokhayokha, poti kuno timayenda kumanzere nde dalaivala ndi amene amakhala cham'kati. Chitseko cha kondakitala simuchiona olo izungulire kakhumi, mungomva mawu ake okha akukuwa Limbe Limbe. Tsopano mufunseni amene wakhala mpando wakutsogolo ngati minibasiyo yatembenuka. Akuuzani kuti poyamba tinaloza ku Limbe, kenako ku Soche, kenako m'tauni, kenako phiri la Ndirande, nkulozanso ku Limbe. Galimoto yoti mphuno yake yaloza mbali zonse zinayi ndiye kuti yatembenuka yonse kamodzi, kungoti yachita zimenezo uku ikuyenda nde simunazindikire. Ikanakhala kuti siikutembenuka, mphuno nkungoloza ku Limbe basi uku ikuzungulira kachilumbako cham'mbali ngati nkhanu, bwenzi inu mukuona mbali ya dalaivala, kenako kumbuyo, kenako chitseko cha kondakitala, kenako mphuno. Ndiye a Bwande, mwezi ukanaima chilili mmene mukuneneramo mpamene tikanauona mbali zonse. Kalulu sasuntha chifukwa choti mwezi ukutembenuka.

Tibwere ku za mthunzi. Mwezi ulibe kuwala kwakekwake, ndi chimwala chabe, ndipo si chimwala choyera ayi, ndi chodera ngati tala wakalekale wa pamsewu. Pa kuwala konse komwe dzuwa limauthira umangobweza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8, umaoneka mbee chifukwa kumbuyo kwake kuli bii. Dzuwa limawalitsa theka la mwezi nthawi zonse, monga momwe theka la dziko limakhala masana theka usiku. Chomwe chimasintha ndi choti ife theka lowalalo tikuliona kuchokera mbali iti.

Mayi usiku uno chitani izi. Zimitsani zonse, yatsani tochi ya foni muike pa kabati, imeneyo ndiye dzuwa. Bayani lalanje ndi foloko mumupatse mwana atambasule mkono, mutu wake ndi dziko lalanje ndi mwezi. Ayambe wayang'ana ku tochi lalanje lili pakati, aona lalanje lakuda chifukwa kowala kwaloza ku tochi, umenewo ndiye mwezi uli mumdima. Azitembenuka pang'onopang'ono mkono uli chitambasulire, aona kachikhadabo kowala m'mphepete, kenako theka, ndipo akafulatira tochi lalanje lonse liwala. Alikweze pang'ono kupitirira mutu pamenepo, akapanda kutero mutu wake uliphimba ndipo apanga kadamsana m'nyumba mwanu.

Ndipo kadamsanayo ndi nthawi yokhayo imene mthunzi wa dziko umagwa pa mwezi. Zimachitika mwezi uli wathunthu basi ndipo zimatha m'maola ochepa, monga usiku wa pa 27 Julayi 2018 uja mwezi unafiira ngati njerwa anthu nkumaimbirana mafoni. Sizichitika mwezi uliwonse chifukwa njira ya mwezi inapendekeka ndi madigiri 5, nde nthawi zambiri umadutsa pamwamba kapena pansi pa mthunziwo. Kadamsana wa dzuwa ndi mnzake wotembenuza, mwezi ndi umene umalowa pakati, ngati pa 21 Juni 2001 pamene ku Lusaka kunada masanasana, ife kuno tinaona dzuwa litalumidwa kwambiri nkungotsala kachidutswa.

Ngati simukundikhulupirira umboni uli pa khomo panu. Poti mwezi unali wathunthu dzana, masiku akubwerawa uzichedwa kutuluka, pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, nde uzichedwanso kulowa. Mkuja m'mawa mwana akamapita kusukulu yang'anani cha ku Michiru, muupeza ulipo wabenthuka mbali imodzi dzuwa lili kale pamwamba kum'mawa. Dzuwa mukuliona, mwezi mukuuona, dziko lili pansi pa mapazi anu, mthunzi wake ungakafike bwanji pamenepo?

Za bambo a kunyumbazo, auzeni mwaulemu kuti wailesiyo inali ndi mabatire ofooka. Lalanje lija likakhala pakati pa mwana ndi tochi, mbali yomwe mwana sakuiona ndi imene ikupsa ndi kuwala. Kuno tikamati mwezi uli mumdima kuseriko ndi masana a dzaoneni. Pafupifupi malo onse pa mwezi, kumaso kapena kuseri, amakhala ndi dzuwa pafupifupi masabata awiri osalowa kenako usiku wa masabata awiri.

Bwande_Ndix

Eeh chabwino madala pa minibasi ndagonja, ndayesa ndi kapu pa tebulo chogwirira chalozadi mbali zonse. Koma apa pali kanthu. Zingatheke bwanji zinthu ziwiri kufanana ndendende choncho? Olo mawotchi awiri ogula tebulo limodzi mu msika wa Limbe pofika madzulo asiyana kale. Pakanakhala kusiyana kwa ola limodzi lokha pa mwezi bwenzi kuchokera nthawi ya agogo a mayiwa kalulu atasowa kalekale. Ndani anatchera zimenezi?

Mtsikana_wa_Fizikisi

A Bwande funso lanu ndi labwino kuposa yankho lanu loyamba lija kkkk. Sizinangochitika mwamwayi, dziko ndi lomwe linaugwira mwezi buleki. Mphamvu yokoka ya dziko imachepa ukamatalikira, nde mbali ya mwezi yomwe ili kufupi nafe imakokedwa kwambiri kuposa yakuseri, zotsatira zake mwezi unatamuka pang'ono ngati dzira, pang'ono kwambiri moti ndi maso simungaone. Kalekale mwezi unali pafupi kuposa pano ndipo unkatembenuka mwachangu, nde kotupako kumatengedwa ndi liwiro kupita patsogolo, dziko nkumakukokera m'mbuyo, miyala yam'kati kumapindika nkumakhulana, chimodzimodzi buleki ya njinga ya kabaza ikamakhula pa limu potsetsereka. Liwiro linapita likuchepa mpaka kotupako kunaloza dziko nkukhazikika, pamenepo buleki inasiya kukhula chifukwa panalibenso chokhula. Ndipo lero mwezi utati uyese kutsogola kapena kutsalira, kukoka komweko kumaubwezera pamalo. Mukagadamitsa njinga nkusiya tayala lokha limayendayenda kenako nkuima valavu ili pansi, mukalisuntha limabwerera pomwepo. Sizofanana kwenikweni koma maganizo ake ndi amenewo. Mawotchi a ku Limbe alibe wowabwezera, mwezi uli naye.

Ndipo si wathu wokha. Miyezi inayi ikuluikulu ya Jupiter, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, yonse imayang'anitsa nkhope imodzi kwa mwini wake. Pluto ndi mwezi wake Charon anafika pogwirana onse awiri, amangoyang'anizana maso ndi maso. Nafenso mwezi ukutigwira buleki yomweyo kudzera m'madzi a m'nyanja zamchere, amene munafikako ku Beira mukudziwa mmene madzi amathawira nkubweranso kawiri pa tsiku, kungoti dziko ndi lolemera kuposa mwezi ka 81 nde buleki yake ikugwira mwaulesi. Pobwezera mwezi ukutitalikira masentimita 3.8 pa chaka. Amayeza powombera kuwala kwa leza pa magalasi omwe a mu chombo cha ku America cha Apollo 11 ndi anzawo obwera pambuyo anasiya kumeneko kuyambira 1969, kuwalako kumapita nkubwerera m'masekondi awiri ndi theka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000.

Kanthu kena kongowonjezera pa zomwe anena aphunzitsi, sikuti timaona theka lenileni. Njira ya mwezi si yozungulira bwinobwino ngati mbale, pena umayandikira nkuthamanga pena umatalikira nkuchedwa, pomwe kutembenuka kwake liwiro ndi limodzi, nde umakhala ngati ukupukusa mutu pang'ono nkutisuzumiritsa kuseri kwa khutu ili kenako ilo. Mukaphatikiza zonse pa zaka timaona 59 peresenti. Yotsalayo palibe munthu anaionapo chiyambire dziko mpaka Okutobala 1959 pamene chombo cha Soviet Union chotchedwa Luna 3 chinadutsa kuseri nkujambula, kuno kukadali Nyasaland, Kamuzu ali m'ndende ku Gweru. Anthu oyamba kukuona ndi maso awo anali atatu a mu Apollo 8 mu Disembala 1968. Kutera kumeneko kunachedwa kwambiri chifukwa kuseriko netiweki kulibe, mauthenga a wailesi saboola chimwala chonsecho, moti aku China asanateretse chombo chawo Chang'e 4 pa 3 Januwale 2019 anayamba atumiza kaye satelayiti ina yotchedwa Queqiao yoti izilandira uthenga nkupatsira kuno. Mu Juni 2024 Chang'e 6 inabweretsa dothi la kuseriko pafupifupi makilo awiri. Ndipo a bambo a ku Chilomoni amve izi, kagalimoto komwe Chang'e 4 inatsitsa kumeneko kanali koyendera sola.

Chomwe chimandisangalatsa ine nchoti kuseriko kalulu kulibe. Madontho akuda omwe timawaona ngati kalulu kapena mayi wa nkhuni ndi zigwa zomwe zinadzaza chiphalaphala cha miyala yosungunuka zaka zoposa 3 biliyoni zapitazo nkuuma, ndipo pafupifupi zonse zili mbali yathu ino. Kuseri ndi maenje okhaokha ngati msewu wa kwathu ku Machinjiri ikatha mvula.

Che_Usipa_pa_Limbe

Salaam abale. Ine sukulu sindinapite nayo patali koma mwezi ndimauwerenga kuposa kalendala chifukwa ndi umene umandiuza mtengo. Anyamata kunyanja ku Mangochi usipa amaukopa ndi nyali usiku, nde mwezi ukawala nsomba sizisamala za nyali, katundu amachepa, chigoba chimakwera ndipo makasitomala kuno amati Che mwayamba kuba. Mwezi ukalowa mumdima usipa mbwee. Ndiye ndili ndi funso kwa aphunzitsi, inu mwati masiku 27 koma ife ku mzikiti mwezi timawerenga 29 kapena 30, sunakhalepo 27, ndipo zimenezi ndaziona ndi maso anga chaka chilichonse tikamadikira mwezi wa Ramadan kapena wa Eid. Masiku awiriwo apita kuti? China, kamwezi kakangooneka kumene kumadzulo kaja, mukayang'anitsitsa mumaona mwezi wonse wozungulira uli mbuu mkati mwa kachikhadaboko. Ngati dzuwa silikufikapo pamenepo chikuwalitsa nchani?

Mphunzitsi_Wopuma_Zingwangwa

Che, maso anu ndi abwino ndipo nambala zonse ziwiri ndi zoona. Masiku 27 aja ndi oti mwezi wazungulira dziko nkubwerera pa nyenyezi zomwe unayambira. Koma m'masiku amenewo dziko nalo silinakhale pansi, lasuntha pa ulendo wake wozungulira dzuwa, nde dzuwa silili pomwe mwezi unalisiya, uyenera kuyendabe masiku awiri ndi kanthu kuti ulipeze. Zili ngati mivi ya wotchi, 12 koloko yonse iwiri ili pamodzi, ikamakwana 1 koloko muvi wautali wabwerera pa 12 koma waufupi wachokapo, mpaka uuthamangire mphindi zina zisanu ndi kanthu. Kuchokera mdima kufika mdima wina ndi masiku 29 ndi theka, ndipo poti theka la tsiku silingalembedwe pa kalendala mumapeza pena 29 pena 30. Mukachulukitsa ka 12 mupeza masiku 354, kuperewera 11 pa chaka cha dzuwa, nchifukwa chake Ramadan imabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, mumasala m'nyengo yozizira ya Juni kenako patapita zaka mukusala mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo.

Kuwala kwa mbuu kuja ndi kwathu. Dzuwa limawomba dziko, mitambo ndi nyanja zimabweza kuwalako kupita pa mwezi, mwezi nkutibwezeranso. Nthawi imene ife tikuona kachikhadabo, munthu ataima pa mwezi angaone dziko lathunthu likuwala, lalikulu pafupifupi kanayi kuposa mmene ife timauonera mwezi. Tinganene kuti kumeneko kumakhala kwawala dziko, ana a kumeneko akanakhalako bwenzi akusewera chibisalirano.

Mwandikumbutsa agogo anga aakazi. Iwo ankati mwezi ndi mwamuna wa mitala, mkazi wa kumadzulo Puikani amamudyetsa bwino nde amanenepa, akapita kwa Chekechani wa kum'mawa amamumana chakudya mpaka kuwonda. Ndili mnyamata wa sekondale ndinkaseka, koma taonani, mwezi wongobadwa umaonekeradi kumadzulo nkumakula, ndipo wowonda wotsala pang'ono kufa umaoneka kum'mawa mbandakucha. Anaona molondola anthu aja. Chomwe sanadziwe nchoti akazi awiriwo ndi mmodzi, nthanda ya m'mawa ndi ya madzulo zonse ndi pulaneti limodzi lotchedwa Venus.

Mayi_wa_ku_Chilomoni

Ndabweranso abale, zikomo nonse makamaka aphunzitsi. Za lalanje tinachita, malalanje anali asanafike pa msika wathu nde tinabaya tomato, zinathekabe. Kadamsana tinapanga katatu chifukwa kamutu kake nkakakulu ngati ka bambo ake. Lero m'mawa cha m'ma 6:30 taupezadi mwezi uli pamwamba pa Michiru wabenthuka, dzuwa lili kale kuwala, mwana mpaka anachedwa kusukulu. Bambo a kunyumba sanagonje, akuti za kagalimoto ka solazo akufuna aone kaye chithunzi.

Koma mwana wabweretsa ina. Akuti usiku uja mwezi ukutuluka kalulu makutu anali mbali ina, m'mawa uno anali chadodolido. Ndayang'ana nane ndipo akunena zoona. Nde ngati nkhope ndi yomweyo wagadabuzika bwanji?

Mtsikana_wa_Fizikisi

Amene watembenuka ndi inu mayi. Mwezi potuluka munayang'ana kum'mawa, m'mawa uno mwayang'ana kumadzulo, ndipo kuno poti tili kufupi ndi ikweta mwezi umadutsa chapamutu. Mbali yomwe imatsogola potuluka imakhala pamwamba, polowa mbali yomweyo ikutsogolabe nde imakhala pansi. Muuzeni agwire buku lachithunzi patsogolo pake, alikweze kudutsa pamutu mpaka kumbuyo osalipotoza, kenako iye atembenuke aliyang'ane, apeza chithunzi chili chadodolido. Winawake amugwirire bukulo potembenukapo angathyoke mkono. Nchimodzimodzinso achibale ali ku London akakutumizirani chithunzi cha mwezi pa WhatsApp, kalulu wawo amakhala wopendekeka mosiyana ndi wathu usiku womwewo, poti iwo amauyang'ana ali kumpoto ife tili kumwera.

Bwande_Ndix

Ine ndangoyesa ndi foni m'malo mwa buku yagwa sikirini yasweka. Mayi mwana wanuyo andigulire ndi iyeyo Fanta.